Mahazadi a Pikapu ya Achimwene

Kankhirani mbaulayo pakatipa, lole ya kabichi sibwera msanga. Mwakhala mukundifunsa za achimwene anga a Lufeyo, ndipo ndikudziwa kuti pamsika pano aliyense ali ndi nkhani yakeyake. Kuchipatala anati magazi anathamanga. Sindikutsutsa, anaphunzira ndi iwowo. Koma palibe amene anafunsa kuti magaziwo ankathawa chiyani, pomwe ine ndinalipo kuyambira tsiku limene mawaya anayamba kuvuta.

A Lufeyo anali ndi pikapu yoyera, yakale koma yomvera. Ndi imene inkanyamula mbatata ya kachewere kuchoka kuno ku Lizulu kupita kumsika wa ku Lilongwe, ine ndi matumba anga, iwo ndi chiwongolero chawo. Bambo athu anamwalira ine ndili kumsana, ndiye amene anandilera, kundigulira nsapato zoyamba ndi kukandiimira pachinkhoswe ndi achimwenewo. Anali munthu waulemu wotopetsa. Mbuzi ikagona pamsewu ankaima n'kuipempha kuti isunthe. Koma galimoto ikawavuta, pakamwa pawo pankatuluka mawu oti ine mlongo wawo ndinkayang'ana kumbali.

Zinayamba nyengo yozizira ngati ino, masana ndithu, tikuchokera ku Lilongwe titatsitsa katundu. Ndinamva kaphokoso kunsi kwa chiwongolero, tcha, tcha, tcha. Mahazadi, magetsi aja amaphethira mbali zonse, anali atayaka okha. A Lufeyo anadina swichi, anaimenya ndi chala, anaitukwana mpaka makolo ake. Magetsiwo anazima atafuna okha.

"Pali waya amene wasupuka penapake," anatero. "Si za nkhani izi."

Pa Dedza pali makaniko wa zamagetsi, a Wadisoni, amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa bulugamu. Anasintha swichi ndi kabokosi kamene kamaphethiritsa magetsi, a Lufeyo analipira zonse pomwepo, tinanyamuka mitima ili m'malo. Pa Bembeke sitinafike n'komwe, kaphokoso kaja kanayambiranso.

Nonse mukudziwa kuti galimoto ikamayenda masana mahazadi akuphethira ndiye kuti yanyamula maliro. Anthu anayamba kutipatsa ulemu wake. Bambo wina wa makala anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Amayi ochokera kumadzi anapatuka, ndowa zili pamutu, n'kupinda maondo. Pamalo pamene apolisi amaimitsa magalimoto, wapolisi anangotikodola kuti tidutse, nkhope ili yachisoni. Ine tsiku limenelo ndinaseka, sindibisa. Ndinati, "Achimwene, musakonzetsenso, tizifika msanga." Iwo sanaseke.

Sabata yotsatira tinabwereranso kwa a Wadisoni, a Lufeyo mtima uli juu.

"Bambo, ndalama munalandira koma matenda ali pomwepo. Kodi munasinthadi, kapena munangopukuta fumbi?"

"Ine sindidyera munthu masuku pamutu, bwana," anayankha a Wadisoni. "Chakale chija ndi ichi, sindinataye. Tsegulani boneti tione."

Tsiku lonse anasolola mawaya ngati munthu wotumbula nkhuku. Anasintha mafyuzi, anakulunga tepi, anayesa waya aliyense ndi kababu kawo. Zonse zinali bwino. Chimene chinkawapsetsa mtima a Lufeyo n'chakuti pansi pa bulugamu paja galimotoyo sinkalakwa ngakhale pang'ono. Inkangokhala phee, koma tikangolowa mumsewu waukulu inkayambiranso zake.

Kenako kunabwera tina ndi tina. Mafyuzi atsopano amene ankasunga m'kabokosi kakutsogolo ankasowa, ndipo ankandinamizira ine, ngati kuti fyuzi amathira mu ndiwo. Wailesi ikamaimba nyimbo zovina inkazima yokha, koma ikagwira kwaya inkamveka mpaka nyimbo kutha. M'galimoto munayamba kumveka fungo la matabwa ongopala kumene, chonsecho matabwa sitinanyamulepo.

Chimene chinandisokoneza mutu ndi katundu. Ine kupakira ndimakudziwa, matumba ndimawathithikiza moti ngakhale khoswe sangapeze polowera. Koma tikafika ku Lilongwe tinkapeza matumba atasunthira m'mbali, pakati patatsala mpata wautali, wowongoka bwinobwino, kuchokera kumutu kwa galimoto mpaka kuchitseko chakumbuyo. Otsitsa katundu kumsika ankaulambalala mpatawo osapondapo. Nditawafunsa chifukwa chake, mmodzi anangoti, "Kaya mayi, phazi likungokana."

Ulendo wachitatu a Wadisoni sanalimbane nawo. Anamasula mababu onse a mahazadi, kutsogolo ndi kumbuyo, anazulanso kabokosi kaja, n'kuika zonse m'jumbo n'kuwapatsa m'manja.

"Zimene zimayaka ndi izi, ndipo zili m'manja mwanu. Pokhota muziloza ndi dzanja. Zikayakanso popanda izi, musabwere kwa ine, nzeru zanga zathera pomwepa."

Tinayenda mtunda ndithu muli zii, mpaka a Lufeyo anayamba kuimba mluzu. Kenako ndinaona agogo ena ali m'mbali mwa msewu ndi mtolo wa nkhuni. Atationa anatula mtolowo n'kugwada. Mluzu uja unaduka. Kunsi kwa chiwongolero, kumene kunali kutangotsala bowo, kunamveka tcha, tcha, tcha.

Ndinawauza achimwene kuti aime. Ndinatsika n'kuzungulira kumbuyo. Magalasi a magetsi anali akuda, opanda kanthu m'kati. Ndili chiimire choncho, bambo wina wachikulire amene ankadutsa wapansi anavula chisoti n'kundiyandikira.

"Pepani mayi. Mukupita nawo kuti?"

"Ndani?"

Anayang'ana kumbuyo kwa pikapu, kumene kunali masaka opanda kanthu okhaokha. Anandiyang'ananso ine. Anavala chisoti chake n'kumapita mwandawala, osacheukanso.

Kuyambira pamenepo za mbatata ndinasiya kuzidandaula. Ndinaona kuti chimene chakwera galimotoyi chikundidyera mlongo wanga. A Lufeyo anasiya kutukwana. Pamabampu ankadutsa mosamala ngakhale kumbuyo kulibe katundu, maso ali pagalasi loonera kumbuyo. M'galimoto ankalankhula monong'ona. Alamu anga a Nankhoma, akazi awo, anandiuza kuti chakudya ankangochigwiragwira, ndipo lamba anabowoletsa kachiwiri. Ndinachita mantha, abale. Munthu amene anandilera ankatha ndikuona.

Tsiku lina chakumadzulo, nkhuku zikulowa, ndinapita kwawo kukawaona. Galimoto inali pabwalo, batire atachotsa n'kuika m'nyumba. Tikucheza m'kati, a Nankhoma anasuzumira pazenera n'kundikoka mkono. Pakhonde panali patakhala amayi atatu a m'mudzi, atafunda zitenje, mitu ili pansi. Pansi pa mtengo wa pichesi panali amuna awiri, zipewa zili pamaondo. Palibe amene anaodira. Ena ankabwera chapatali, mmodzi atasenza nkhuni.

A Nankhoma anatuluka. "Kodi kwagwanji, anzanga?"

Mayi mmodzi anadzutsa mutu. "Ife timati mutiuze ndinu. Taona galimoto ikuphethira pabwalo kuyambira dzuwa likupendeka. Ndiye tinati tisadikire uthenga."

Alamu anga anangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, ndipo kulirako kunaitananso anthu ena. Zinatitengera nthawi kuti tiwabweze, tikuwauza kuti pakhomo pano tonse tili moyo. Ankachoka monyinyirika, akucheukira galimoto.

Anthu atatha ndinawapeza achimwene kuseri kwa nyumba. Sindinawalankhulepo mokweza chibadwire, koma tsiku limenelo ndinaima patsogolo pawo.

"Achimwene, m'galimotoyi munanyamulamo chiyani ine kulibe?"

Anacheukira kumene kunali galimoto. Kenako anati, "Khala pansi, Elube."

Anandiuza kuti sabata imene ine ndinadwala malungo, mawaya asanayambe kuvuta, iwo anapita okha ku Lilongwe. Pobwerera, amayi ena anawaimitsa pachipata cha chipatala. Anali ndi maliro a bambo wina, a Bikitoni, ndipo galimoto imene anapangana nayo sinabwere. A Lufeyo si munthu wokana mayi amene akulira. Anakweza bokosi, amayi anakhala m'mbali mwake. Mlongo wa malemuyo, a Nachisale, ndi amene ankawalankhula, monga timachitira kuti womwalira asasochere panjira. Ponyamuka anati, "Achimwene, tanyamuka, tikupita kwanu kwa Mphanyama, kumene kunagona amayi anu." Pamlatho uliwonse ankawauza kuti tsopano tikuwoloka.

Atangowoloka Diamphwe anapeza lole itapingasa msewu. Anali ana a malemuyo ndi akuchikazi, zibonga zili m'manja. Iwo ankati bambo awo akagona kumene anamanga nyumba, osati kumudzi kumene anachokako ali mnyamata. Panali kukokana ndi kutukwanizana, mpaka bokosi analanda, analiponya mu lole n'kubwerera nalo. A Lufeyo anakawatsitsa amayi aja pamphambano ya kwa Mphanyama, kupitirira Linthipe pang'ono, akulira chimanjamanja.

"Ine ndinati si mlandu wanga," anatero achimwene. "Ndinatsuka galimoto n'kuiwala."

"Nanga polanda bokosilo, alipo anawauza malemuwo kuti atsike, ulendo wasintha?"

"Pamene paja panalibe wolankhula ndi maliro, chemwali. Aliyense ankalankhula ndi chibonga." Anapukuta kumaso. "Ndikuuze china. Tikamachokera ku Lilongwe, pamphambano paja chiwongolero chimakokera kumanzere. Ndimachita kulimbana nacho. Masiku ano mikono yanga yayamba kutopa."

Ndinawauza kuti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tipita kwa Mphanyama. Anavomera ngati mwana.

Msewu wake ndi wafumbi, wodutsa m'minda ya fodya yokololakolola. Titakhota pamphambano, a Lufeyo anangoika manja pamwamba pa chiwongolero, ndipo sindikukhulupirira kuti ankayendetsa ndi iwo. Sitinafunse njira kwa munthu aliyense. Tinadutsa mphambano zingapo, pasukulu, pachigayo, mpaka galimoto inakazima yokha pakhomo pa nyumba ina ya njerwa zosawotcha. Mayi wina wamtali, wometa mpala wa maliro, anali ataima kale pabwalo. Anali a Nachisale.

"Ndimadziwa kuti mubwera," anatero a Nachisale. "Mwachedwa."

Anatiyalira mphasa, anatipatsa madzi. Anatifotokozera kuti tsiku lija manda anali atakumba kale, pafupi ndi a mayi awo. Maliro atapanda kufika, adzukulu okumba mandawo anaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, poti dzenje la manda silikhala lopanda kanthu. Kumene anakaika thupi iwo sanapiteko, ndipo sanaitanidwe.

"Thupi anatenga, zawo zimenezo," anatero. "Koma mwini wake ndinamuuza ine kuti akupita kwawo. Achimwene anga anali munthu womvera. Anakhala pamene ndinawakhazika."

"Ndiye alankhuleni, mayi, atsike," ndinatero.

Anapukusa mutu. "Ine ndinawanamiza. Ndinati ndikafika nawo, ndinafika ndekha. Sangandimverenso. Amene wawasunga masiku onsewa ndi adalaivalawa. Pitani nayo galimotoyo kumene kumathera njira ya kumanda, muwauze kuti afika, atsike. Basi."

Dzuwa linali litapendeka. Galimoto inalira bwinobwino itangokhudzidwa kiyi. A Lufeyo anayendetsa pang'onopang'ono, ife amayi tikutsatira pambuyo wapansi, ine ndi a Nachisale ndi abale awo angapo. Palibe amene anayambitsa nyimbo, koma ndinazindikira kuti tonse tikuyenda mayendedwe a pamaliro. Kutsogolo kunali msitu wa manda, mitengo ikuluikulu yothithikana pakati pa minda yoyera. Mbalame kunalibe. Chimene chinkamveka ndi kaphokoso kaja basi, ndipo kunja kwa galimoto ndinali ndisanakamvepo.

Njira itatha, anaimika. Anatsika, anavula chipewa, anazungulira kumbuyo n'kutsitsa chitseko. Anaima chowerama pang'ono, manja ali pamodzi, monga ankaimira pamaso pa akuluakulu. Mawu awo anali ofewa.

"Bambo, pepani, ndakuzungulitsani nthawi yaitali. Sindimadziwa. Kwanu kuja ndi kuno, mwafika. Tiyeni titsike."

Kaphokoso kaja kanaleka. Pikapu inanyamuka pang'ono kumbuyo, monga imachitira akatsitsa thumba lolemera. Ine mtima unakhala m'malo, ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Koma a Nachisale anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ati chiyani?" ananong'ona.

"Ati atsike."

"Iyayi. Ati tiyeni." Anandikokera pafupi. "Womwalira sauzidwa tiyeni, mwana wanga. Amauzidwa kuti tsikani, pitani. Ukati tiyeni ndiye kuti ulendowo ndi wa awiri."

Ndani sakudziwa kuti munthu wamkulu salamulidwa? Mwana woleredwa bwino sanganene kwa bambo wachikulire kuti tsikani, ngati akuthamangitsa wokwera wosalipira. Amati tiyeni, ngakhale iye sakupita kulikonse. A Lufeyo analankhula monga anaphunzitsidwira, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa sanalakwe kanthu koma ulemu.

"Achimwene," ndinaitana. "Bwererani kuno, tizipita."

Anali atayamba kale kuyenda. Sankayenda pakati pa kanjira. Ankayenda m'mbali, m'maudzu, pang'ono chakumbuyo, ngati mmene umayendera ukamasiyira mkulu njira. Mutu anapendeketsa ngati akumvetsera wina akulankhula, ndipo ndinawaona akugwedeza mutu kuvomera.

"Achimwene!"

Anacheuka. Nkhope yawo inali yopepuka, yopumula, mmene ndinali ndisanaione kwa nthawi yaitali.

"Ndingowaperekeza pang'ono, chemwali. Mlendo sangomusiya pachitseko. Ndikubwera."

Ndinathamanga. Ndinafika pamitengo yoyambirira, koma amayi aja anandigwira m'chiuno ndi m'miyendo mpaka tonse tinagwa. Kumeneko mkazi salowa kumanda popanda maliro, ndipo ine ndinali mlendo. Ndinalimbana nawo, ndinawaluma, ndinawatukwana. Shati yoyera ya achimwene inkaoneka pakati pa mitengo, kenako inkabisika, kenako sinaonekenso. Mayi mmodzi anathamangira kumudzi kukaitana adzukulu.

Adzukulu anabwera msanga ndithu, sindingawanamizire. Analowa anayi. Sanachedwe m'katimo. Woyamba kutuluka sanandiyang'ane, anapita kwa a Nachisale n'kuwanong'oneza. Anawapeza atakhala pansi pafupi ndi mtumbira watsopano uja, atatsamira mtengo, chipewa chili pabondo, ngati munthu amene akudikira kuti mnzake amalize kulankhula. Thupi linali litazizira kale, chonsecho dzuwa linali lisanalowe.

Za usiku umenewo sindikumbukira zambiri. Anthu a kwa Mphanyama anatichitira zonse ngati abale, bokosi anakhoma okha. M'mawa mwake ndinaona a Wadisoni akutsika panjinga yamoto. Anamva uthenga pa Dedza ndipo anabwera osatumidwa. Anatenga jumbo ija, anabwezeretsa mababu mmodzimmodzi, n'kunena kuti ayendetsa ndi iwo.

Panalibe wina wa kwathu, ndiye wolankhula ndi maliro ndinali ine. Ndinakhala kumbuyo, dzanja lili pabokosi. A Nachisale anandigwira mapewa tisananyamuke n'kundiyang'ana m'maso. Chenjezo lawo ndinalimva.

"Achimwene, tanyamuka, tikupita kwanu ku Lizulu," ndinatero. Titafika pamsewu waukulu ndinawauza. Pa Dedza ndinawauza. Pa Bembeke ndinawauza kuti kwayamba kuzizira, tayandikira. Njira yonseyo tinaiyenda limodzi zaka zambiri, ndipo nthawi zonse wonena malo anali iwo, ine ndikuwodzera.

Tinafika pakhomo anthu atadzaza bwalo, alamu anga akugubuduka pansi. Galimoto inaima. Amuna anabwera kudzatsitsa chitseko, kenako anaima n'kumandiyang'ana, kudikira mawu anga.

Chibadwire sindinawalamulepo achimwene anga. Ngakhale powaitanira chakudya ndinkati tiyeni. Liwu limenelo linabwera lokha n'kukhala pa lilime, ndipo ndikuuzeni zoona, sikuti linangobwera mwachizolowezi. Ndinkalifuna. Ndinkafuna kupita nawo, chifukwa sindinkadziwa kuti padziko pano munthu amakhala bwanji popanda iwo. Ndinayang'ana m'khamumo n'kuona ana anga ataima pafupi ndi nkhokwe, atagwirana manja. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi.

"Achimwene, mwafika kwanu. Tsikani."

Amuna ananyamula bokosi n'kulowa nalo m'nyumba, anthu onse n'kutsatira. Ine ndinatsala ndekha kumbuyo kwa pikapu, nditagwira chitsulo cham'mbali ndi manja onse awiri, kuti miyendo ingandipereke n'kuwalondola achimwene.